Chingwe cha Kuseri kwa Msika wa Masala

Nkwazi, Ndola
11 Febuluwale 2024

Mlongo wanga Damaris,

Landira moni wochokera kuno ku migodi. Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi alamu a Obadiah ndi ana. Ife tilipo, kungoti msana wanga wayambanso.

Mwana wako Jemimah anafika bwino. Ndinakamuchingamira ku siteshoni, ndipo Lolemba lapitali wayamba sukulu yake ya zosoka ku Itawa. Ndamupatsa chipinda chimene malemu mlamu wako Peggy ankasokeramo. Ndi mwana wofatsa, sandivutitsa.

Udabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pa foni timangofunsana mmene tadzukira, kenako mawu aduka. Zimene ndikufuna sizikwana pamenepo. Makalata ndizipatsira kondakitala wa basi ya ku Chipata, wa mpingo wathu, ndipo azikusiyira pa golosale ya pamphambano.

Nkhani ndi iyi. Akumpingo andipempha sewero la Pasaka monga amachitira chaka ndi chaka. Ndavomera ndi pakamwa, koma pepala likadali mbee. Chimwalirireni Peggy sindinalembepo kanthu. Masana ndimakhala pamsika wa Masala kupenta zikwangwani za masaluni ndi mabutchala, ndipo dzanja limagwira ntchito bwinobwino. Ndikafika kunyumba n’kukhala patebulo, m’mutu mumangoti zii. Kale nkhani zinkandipeza zokha, mu minibasi, pamaliro, pamzere wa kuchipatala. Ndinkabwera nazo kwa Peggy iye ali pa makina, ndipo akaleka kupalasa n’kutembenuka ndinkadziwa kuti nkhani ndi imeneyi. Tsopano ndimamva anthu akulankhula, koma zimangondidutsa.

Ndiye ndikupempha kuti undilembere za kumudzi. Zilizonse. Amayi akukamba zotani pamjigo? Ndani wayambana ndi ndani? Msuku uja wa kudimba ulipobe? Undikumbutsenso nyimbo imene amama ankaimba pochokera kumunda, ine ndangotsala ndi chuni chokha.

Ndine mlongo wako,
Abednego

Kaphale, Katete
9 Malichi 2024

Alongo anga,

Moni nanunso. Kalata yanu inagonera pa golosale chifukwa mwini wake anaiika pansi pa sikelo n’kuiwala. Ife tilipo, koma osati kwenikweni. Mvula inaleka mu Januwale. Chimanga chapsa chisanamasule, ndipo ukalowa m’munda masamba amangoti tswatswa ngati tili mu Ogasiti.

Mukufunsa zimene tikukamba pamjigo. Sitikamba. Timalawirira kukaika zigubu pamzere, ndipo aliyense amangoyang’ana zigubu zimene zili patsogolo pake. Madzi amatuluka pang’onopang’ono, mikono imatopa chigubu chisanadzaze. Mphamvu zokanganira palibe ali nazo. Msuku unagwetsedwa kalekale, anawotchera njerwa. Nyimbo ya amama nanenso ndaiwala.

Koma kalata yanu yandisowetsa mtendere. Munthu wakhala ku Ndola zaka zonsezi osafunsako za kudimba, lero n’kuyamba kufunsa mitengo ndi nyimbo za akufa. Atate anayamba chonchi chaka chimene anatisiya. Ngati adokotala akuuzani kanthu za msanawo, ndiuzeni poyera. Musandibisire ngati mmene munabisira matenda a alamu mpaka tinangomva uthenga. Ngati mukufuna kubwerera kuno, nyumba ya amama ilipo, ingofunika udzu.

Za Jemimah, ndathokoza. Koma akaimba foni amafulumira ngati wasiya mphika pamoto. Muzimuyang’anira. Inu ndinu malume wake, ndipo ndinamupereka m’manja mwanu kuti abwere ndi luso la manja. Chaka ngati chino chandiphunzitsa kuti khasu lokha silidzamusunga.

Mumuuze andilembere yekha.

Mlongo wanu,
Damaris

Nkwazi, Ndola
6 Epulo 2024

Amama,

Muli bwanji kumeneko? Atate ndi ang’ono anga ali bwanji? Ine ndili bwino. Amalume anena kuti ndikulembereni, ndiponso ndikuuzeni kuti sakudwala. Anaseka atawerenga kalata yanu.

Sewero la Pasaka sanalembe. Achinyamata anangobwereza lakale lija la Yudasi. Tsiku limenelo amalume anakhala kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi, ndipo anatuluka lisanathe. Madzulo amakhala patebulo ndi cholembera, tiyi n’kuzizira, osalemba ngakhale chilembo.

Kusukulu zinthu sizikuyenda. Magetsi amazima m’mawa n’kubwera tikugona, ndipo makina ambiri ndi a magetsi. Opalasa ndi mapazi alipo awiri, timalimbirana. Ndaphunzira kudula ndi kuika zipi, kwinako timangokhala. Mnzanga Mwamba, wa ku Masala, ataona kuti ndikungosowa chochita ananditengera kwa ba Lighton, monga amawatchulira kuno. Ndimapita kumeneko masana aliwonse. Poyamba ndinkachita chizungulire mpaka kusanza, koma ba Lighton akuti aliyense amayamba choncho, thupi limazolowera. Njala nayo yandichuluka, ndipo mabulauzi ena ayamba kundithina. Musade nkhawa, ba Lighton amandisamala kwambiri, ndipo akuti ndisaope chifukwa ali nane.

Amalume sindinawauze. Inunso zambiri ndidzakuuzani ndikalimba mtima.

Mundiuze ngati a boma afika ndi chimanga.

Mwana wanu,
Jemimah

Kaphale, Katete
20 Epulo 2024

Alongo anga,

Moni. Lero sinditalikitsa.

Lighton ndi ndani? Mwana akusanza, zovala zikumuthina, akupita kwa mwamuna masana aliwonse, inu muli m’nyumba yomweyo mukuyang’ana pepala. Ndayesa kumuimbira, akungoti amama sizimene mukuganiza, foni n’kuduka. Atate ake sindinawauze, ndikuopa mtima wawo.

Siyani cholemberacho, mumutsatire. Mukamupeza mwamunayo mumufunse kwawo, mpingo wake, ndiponso ngati ali ndi mkazi. Ngati zachitika zachitika, ndimve kwa inu, osati kwa anthu a m’basi.

Ndatopa, alongo anga. Kumunda kulibe kanthu, ndiye uku nakonso.

Damaris

Nkwazi, Ndola
5 Meyi 2024

Mlongo wanga Damaris,

Moni kwa iwe ndi onse. Khazika mtima pansi, Jemimah alibe pakati. Ndachita zimene unanena, ndipo ndikufotokozera mmene ndinazionera.

Lachinayi ndinasiya chikwangwani chisanaume n’kumutsatira chapatali. Anadutsa pogulitsa makala, analowa kanjira ka kuseri kwa msika, mpaka pabwalo la nyumba ina yakale yosungiramo katundu. Mawu okalipa ndinali nditakonza kale. Nditasuzumira pageti ndinapeza achinyamata ngati khumi. Ena akukwerana pamapewa, wina akuponya mabotolo m’mwamba n’kumawawakha osagwetsa, wina akuyenda pa mitengo yomangirira kumiyendo ngati makanja a kwathu. Masewera amenewa amawatcha sekasi. Pakati pa bwalo pali mizati iwiri, ndipo pamizatipo amanga chingwe cha waya, kutalika kwake kupitirira denga la nyumba yako. Pachingwepo panali mtsikana, mapazi osavala, mikono atatambasula. Anafika pakati ndisanazindikire kuti ndi mwana wako.

Ndinafuna kukuwa, koma ndinaopa kuti adzidzimuka. Ndinangogwira geti. Damaris, mwana uja amene amalankhula akuyang’ana pansi anali atadzutsa mutu, nkhope ili duu ngati munthu amene akumvetsera chinthu chakutali. Phazi lililonse linkayamba lafunsa chingwe lisanaponde.

Atatsika ndi pamene anandiona. Anagwada pomwepo. Kenako kunabwera bambo wina wa imvi, wotsimphina pang’ono, n’kundilonjera m’Chibemba kuti, “Mwaiseni mukwai, ndinu amalume?” Lighton ndi ameneyu. Ndi wamkulu ngati ine, ali ndi mkazi ndi adzukulu. Ankagwira ntchito mumgodi ku Kitwe, ntchito itatha anayamba kusonkhanitsa ana ongoyendayenda pamsika. Kusanza kuja n’chifukwa cha kugudubuzika, ndipo mabulauzi akuthina chifukwa mapewa akula.

Ndinamufunsa kuti zimenezi anaziphunzira kuti. Anati zoyamba anaphunzira kwa alendo ena amene anadzaonetsa masewera ali mnyamata, koma zambiri amazitola pamsika pomwepo. Ananditengera pageti n’kuloza minibasi.

“Mukumuona kondakitala uyo? Phazi limodzi pakhomo, dzanja limodzi padenga, thupi lonse lili panja, galimoto ikukhota. Tinamuyang’ana mwezi wathunthu, ndipo Mwamba amachita zomwezo pa mzati. Nanga mayi uyo wasenza beseni la tomato, mwana kumsana, akudumpha ngalande? Amene uja ndiye mphunzitsi wa mdzukulu wanuyu.”

Ndinati, “Ine ndakhala pamsika uno zaka zambiri, zimenezi ndimaziona tsiku lililonse.”

Iye anati, “Eya, mumaziona. Ife timazibwereza ndi thupi mpaka zitipweteke, ndiye timadziwa kulemera kwake.”

Tinabwerera limodzi ndi Jemimah. Titafika ndinamuuza kuti sukulu asasiye, ndipo wavomera. Kumuletsa kupita kumeneko ndalephera. Ndikuuzenso ichi, ngakhale sindikudziwa kuti uchilandira bwanji: tsiku limenelo ndinalemba masamba angapo, koyamba chimwalirireni Peggy.

Undiyankhe msanga, ndimve maganizo ako.

Abednego

Nkwazi, Ndola
16 Juni 2024

Mlongo wanga,

Moni. Mwezi wapita ndi masabata, yankho lako sindinalione. Foni yako sikulowa. Kondakitala akuti kalata anasiya pa golosale. Ngati wakwiya, kwiya polemba, kusiyana ndi kungoti zii.

Pali zina zoti udziwe. Sukulu ya ku Itawa yatsekedwa, mwini wake akuti adzatsegula magetsi akadzakhazikika. Ndafunsa kwina, nakonso n’chimodzimodzi. Jemimah tsopano amakhala kwa a Lighton tsiku lonse. Madzulo amasoka pa makina a Peggy, ndinawathira mafuta ndipo akuyenda.

A Lighton aitanidwa kukaonetsa masewera ku Kitwe mu Ogasiti, ndipo andipempha kuti ndiwalukire nkhani, kuti asamangodumpha popanda mutu wake. Ndavomera. Nkhani yake ndi ya mayi wopita kukasaka madzi m’chaka cha chilala. Mulibe mawu ambiri, matupi ndiwo akulankhula. Pamapeto mayiyo awoloka pachingwe atasenza chigubu. Woyenda pachingwepo ndi Jemimah.

Masiku ano ndimadzuka ndisanaitanidwe ndi ntchito. Ndinali nditaiwala kuti zimatheka. Koma sindikufuna kupitiriza iwe usanavomere. Lemba, ngakhale mzere umodzi.

Kunja kuno kwazizira. Kumeneko mukudya chiyani?

Abednego

Kaphale, Katete
7 Julayi 2024

Alongo anga,

Moni. Sikuti ndinakwiya osalemba ayi. Kunalibe. Ine ndi amayi ena tinapita kumalire a Mozambique kukagwira ganyu yokolola kuti atipatse chimanga. Foni ndinasinthanitsa ndi mbatata. Ndabwera miyendo itatupa, n’kupeza makalata anu awiri akundidikira.

Ndawerenga kawirikawiri. Mumalemba bwino, zimenezo sindinakanepo. Ndinachita kumuona mwana wanga pachingwepo. Koma m’makalata awiri onsewo ndaona munthu mmodzi amene wachira, ndipo ndinu. Munali ndi njala ya nkhani, munandipempha ine, ndinalibe. Tsopano mwaipeza m’nyumba mwanu momwe. Mwatenga mwana wanga, mwatenganso chigubu changa cha pamjigo, mwazikweza pamwamba kuti anthu a ku Kitwe aombe m’manja.

Mukuti ndivomere. Ndivomere chiyani, poti mwayamba kale? Ine ndinatumiza mwana kuti akaphunzire kusoka. Munthu wosoka akalakwitsa amasomola ulusi n’kuyambanso. Nanga wa pachingwe akalakwitsa? Akagwa, inu mudzalemba bwino kwambiri mmene anagwera, anthu adzalira powerenga. Womusambitsa ndi kumunyamula ndidzakhala ine.

Atate ake ndawauza. Anangotuluka kukakhala kukhola.

Ngati sukulu yatsekedwa, mumukweze basi abwere. Njala tidzagawana yomweyi.

Damaris

Nkwazi, Ndola
19 Julayi 2024

Amama,

Moni amama, moni kwa atate. Ndamva chisoni ndi za miyendo yanu. Muziviika m’madzi ofunda a mchere, ngati madziwo apezeka.

Amalume anandipatsa kalata yanu kuti ndiwerenge ndekha, ndipo anati ngati ndikufuna kupita andiperekeza ku siteshoni. Ndawauza kuti sindipita. Pepani amama. Sindinakukanirenipo chinthu chibadwire.

Amalume sananditenge. Anandipeza ndili kale pamwamba. Ndipo chigubu chija sanachitchule ndi iwo, ndine. Ba Lighton amatiuza kuti aliyense abweretse kayendedwe ka munthu amene amamudziwa bwino. Mwamba anabweretsa ka atate ake akamachokera ku mowa, tonse tinaseka. Ine ndinabweretsa kanu. Mmene mumaimira mukasenza, khosi osagwedera, m’chiuno mokha ndimo mukuyenda, dzanja lamanzere lili m’mbali ngati mukupatula udzu. Ndinakula ndikuyenda kumbuyo kwanu, ndimakadziwa. Ndikachita zimenezo pachingwe sindigwedezeka. Ba Lighton anandifunsa kuti anakuphunzitsa ndani, ndinati amama.

Kumudzi ndinali mwana wabwino chifukwa sindinkayankha. Kusukulu ya zosoka ndinali wapakati, osati wotsiriza, osati woyamba. Pano pali chinthu chimene ndimachita anthu n’kusiya zimene akugwira. Sindikudziwa ngati chidzandidyetsa. Ba Lighton nawonso sanandinamize, anati ambiri sichiwadyetsa. Kusoka sindinasiye, zovala zonse za ku Kitwe ndikusoka ndine.

Mukanabwera kudzaona kamodzi kokha. Mukadzaona n’kunenabe kuti ndibwerere, tidzakambirana.

Mwana wanu,
Jemimah

Nkwazi, Ndola
4 Ogasiti 2024

Damaris mlongo wanga,

Moni. Uthenga ndinatumiza pa foni ya abusa a kwanuko, ndikhulupirira unafika. Pano ndikulemba zonse kuti usamve zoonjezera.

Jemimah anagwa Lachitatu masana, akuyeserera. Kunali mphepo ija ya nyengo ino. A Lighton anati tidikire, koma tsiku la ku Kitwe linali litayandikira, ndipo tonse, ine ndemwe, tinati ayese kamodzi. Anafika pakati bwinobwino. Kamvuluvulu anadzera kumsika, chigubu chinapendama, iye anachitsatira. Pansi panali makatoni okha. Mwendo wamanja wathyoka pamwamba pa kakolo. Mutu ndi msana zili bwino. Kuchipatala amuika pulasitala, ndipo dzulo tatuluka. Adokotala akuti fupa lilumikizana, koma za kutsimphina sanganeneretu.

Sanalire pogwa. Analira m’galimoto, akuti zovala za Mwamba sanamalize.

Pali china chimene sindikanakonda kukuuza, koma unachinena kale iwe. Nditakhala pabenchi kuchipatala, iye ali mkati akumukoka mwendo, ndinadzipeza ndikusanja mawu m’mutu. Ndinkafuna mawu oyenera a mmene chigubu chinagubudukira mpaka pageti, anthu onse ali chete. Ndinawapeza. Kenako ndinamva mwana akubuula kuseri kwa chitseko, ndipo ndinachita manyazi amene sindinawamvepo.

Mapepala a seweroli ndawapereka kwa a Lighton, achite nawo zimene akufuna. A ku Kitwe asuntha tsiku, akuti mu Seputembala. Ine sindipitako, ndipo cholembera ndachiika m’kabati. Ndabwerera ku zikwangwani. Kumeneko ndikalakwitsa ndimangopakanso penti.

Tikiti ya basi ili ndi kondakitala. Bwera. Jemimah sakukutchula, koma chitseko chikagogodwa amadzuka.

Abednego

Nkwazi, Ndola
22 Seputembala 2024

Atate ake a Jemimah,

Moni, ndikhulupirira kuti inu ndi ana muli bwino. Mbuzi ija inaswa? Ine ndilipo. Ndachedwa kulemba chifukwa sindinkadziwa choti ndikuuzeni.

Mwana ndinamupeza ataonda, koma akuchira. Amayenda ndi ndodo za kuchipatala. Masabata oyamba ndinkamusambitsa, tsopano amakwanitsa yekha. Amene anandidetsa nkhawa kwambiri ndi alamu anu. Akalamba. Amapita ku Masala m’mawa, amabwera madzulo manja ali penti, amadya osalankhula. Mawu amene ndinabwera nawo kuti ndiwakalipire ndinasowa powaika.

Loweruka la pa 14 kunali masewera aja ku Kitwe. Jemimah anati apita ngakhale chokwawa. Ndinaona kuti ndi bwino ndimuperekeze, ndipo amalume ake ndinawauza kuti, “Inu mwatilowetsa m’zimenezi, simutsala.” Anavala jekete.

Malo ake ndi bwalo la mpira la sukulu ina. Anthu sanachuluke, ambiri anali ana ndi amayi ogulitsa zitumbuwa. Chokuzira mawu sichinagwire chifukwa magetsi kunalibe, ndiye anangoimba ng’oma. Ndinaona achinyamata atakhala pamzere ngati zigubu, wina akupopa mkono wa mnzake ngati mjigo, akupopa, akupopa, osatuluka kanthu. Mayi wina pafupi nane anati m’Chibemba, Jemimah n’kundimasulira, “Kwathu ku Mkushi zili chonchi.” Pachingwe anakwera Mwamba. Anawoloka, koma ankayenda ngati munthu wa m’tauni, khosi lili gwedegwede. Ndinapezeka ndanena mokweza kuti chigubu sasenza choncho. Jemimah anandiyang’ana n’kuseka, koyamba chifikireni changa.

Pobwerera mu minibasi ndinawauza alongo anga kuti za pamjigo anazigwira, koma analakwitsa chimodzi. Mayi wa m’sewero lawo uja amabwerera yekha. Ife sitibwerera tokha, timadikirana, chifukwa wina akhoza kukomoka panjira. Titadutsa pa zipata zolipirira msewu anafunsa kuti, “Mumadikirana pati?” Ndinawauza. Anafunsanso china, ndinawauza. Mpaka Ndola akungofunsa. Kaya adzalembanso kaya ayi, sindinawafunse.

Tsopano nkhani imene mukudikira. Jemimah sindibwera naye. Ndinamufunsa maso ndi maso ngati adzakwerenso mwendo ukapola. Anati, “Ndidzakwera, amama. Ndikuopa, koma ndidzakwera.” Sindinavomere, sindinakanenso. Ndayeza mphamvu zanga, ndaona kuti zomukokera ku basi ndilibe, ndipo ndikanamukoka tikanafika kumudzi ndi thupi lokha.

Lolemba ndinapita ndekha kukaona pamene anagwera. Ndinapeza makatoni omwe aja, ophwanyika, pansi pake simenti. Ndinawafunsa a Lighton ngati ana a eni ake amagwera pamenepa masiku onse. Anati matiresi enieni ndi odula, akhala akupempha kwa anthu osapatsidwa. Ndinatuluka pageti. Ndinazungulira kwa matelala a mumsika kupempha zidutswa za nsalu zimene amataya, ndi kwa okonza mipando kupempha zotsala za siponji. Masaka a ufa anandipatsa amayi a kumpingo. Sabata yonseyi ndakhala pa makina a malemu Peggy kusoka matiresi. Jemimah amadula, ine ndimasoka, amalume ake amapakira. Misoko ndikubwereza kawiri. Akuti chingwe sichingatsitsidwe, ndiye ndati pansi pakwere.

Chifukwa chake sindifika Lachisanu monga ndinanenera. Mundidikire sabata inayo, ndipo mudzabwere ndi njinga pamphambano chifukwa miyendo sinaphwe bwino. Mbewu ya chimanga musaigwire, ngakhale ana alire.

Anthu akakufunsani za Jemimah, musawauze kuti akuphunzira kusoka. Auzeni kuti amayenda pachingwe, anagwa, akuchira. Tsiku lina adzagwanso, zimenezo ndazidziwa. Koma adzagwera pa chinthu chimene ndasoka ine.

Ndine mkazi wanu,
Damaris